Ngalande za Nkhondo pa Tebulo: Kuunika Chifanizo Chisanalowe M'kalasi

Pakati pa ntchito zamanja zimene zimalimbikitsidwa pophunzitsa mbiri ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, yodziwika kwambiri ndi youmba chifanizo chaching'ono cha ngalande zimene asilikali ankakhalamo ku France ndi ku Belgium. Pa Chipwitikizi chifanizo chotere amachitcha maquete kapena diorama. Pa thabwa kapena pa katoni amaunjikapo dothi, n'kukumbamo ngalande yokhotakhota, n'kuikamo timatumba ta mchenga, waya waminga ndi tianthu tonyamula mfuti.

Ntchitoyi imakopa mphunzitsi wa sukulu ya zinenero ziwiri pa zifukwa zomveka. Siifuna magetsi, siifuna kuti mwana aliyense akhale ndi buku, ndipo zipangizo zake zili pabwalo pomwepo. Mwana wa ku Angónia kapena ku Lago amene anakula akuumba ng'ombe zadongo ndi kupinda galimoto zamawaya safunika kuuzidwa kagwiridwe ka dongo. Komabe chifanizo chilichonse chili ndi mwini amene wasankha zoti zilowemo ndi zoti zitsale kunja, ngati mmene amachitira wolemba buku. Chikaunikidwa mofatsa, chifanizo cha ngalande chimapezeka kuti chimaphunzitsa bwino miyeso ndi mamangidwe, koma pa nkhani ya moyo wa anthu chimasocheretsa mosavuta. Chimene chimachiwongola ndi mawu amene ana amalankhula ataima pambali pake.

Kumene lusoli linachokera

Dzina lakuti diorama linayamba kumveka ku Paris mu 1822, pamene Louis Daguerre ndi mnzake Charles-Marie Bouton anatsegula nyumba yoonetseramo zithunzi zikuluzikulu zojambulidwa pansalu, zimene zinkasintha maonekedwe akasintha kuwala. Patapita nthawi dzinalo linasamukira ku zifanizo zoumba zoikidwa kutsogolo kwa chithunzi, moti woonera sadziwa bwinobwino pamene dongo lathera ndi pamene penti wayambira.

Zifanizo za ngalande zimene zimalemekezedwa kwambiri zili ku Canberra, m'dziko la Australia. Dzikolo linataya asilikali pafupifupi 60,000 pa nkhondoyo, ndipo pafupifupi onse anaikidwa m'manda kutali ndi kwawo. Charles Bean, mtolankhani amene anayenda ndi asilikaliwo ndipo pambuyo pake anatsogolera ntchito yolemba mbiri yawo, anafuna kuti makolo ndi akazi amasiye aone malo amene abale awo anafera. Ntchitoyo inapatsidwa kwa amisiri oumba, monga Web Gilbert, Wallace Anderson ndi Leslie Bowles, pamodzi ndi wojambula Louis McCubbin. Ena mwa iwo anakayendera malo a nkhondowo ngalande zisanakwiririke. Zifanizo zambiri zinapangidwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero zili m'nyumba ya Australian War Memorial, imene inatsegulidwa mu 1941. Zitatu mwa ntchito zimenezi n'zokwanira kuonetsa mphamvu ndi zofooka za luso lonseli.

Zifanizo zitatu

Choyamba ndi cha Lone Pine, ku Gallipoli m'dziko la Turkey. Chimaonetsa madzulo a pa 6 Ogasiti 1915, pamene asilikali a Australia anathamangira ngalande za asilikali a ufumu wa Ottoman n'kupeza kuti zafoleredwa ndi mitengo ya paini. Tianthu tili pamwamba pa mitengoyo, tina tikufunafuna polowera, tina tagwa kale. Monga ntchito ya mmisiri n'chogwira mtima, chifukwa maso a woonera amathamanga limodzi ndi asilikaliwo. Vuto lake lili pa mphindi imene chasankha. Kumenyana pamalopo kunatenga masiku anayi, kwambiri kunachitikira mumdima pansi pa mitengoyo, ndipo Australia yokha inataya anthu oposa 2,000, kuphatikiza ophedwa ndi ovulala. Chifanizocho chaimitsa mphindi ya kulimba mtima, anthu akadali chilili. Mwana amene waona ichi chokha angaganize kuti m'ngalande anthu ankangomenyana kuyambira mbandakucha mpaka usiku.

Chachiwiri, chotchedwa Somme Winter 1916–17, chimaonetsa ngalande ya pafupi ndi mudzi wa Gueudecourt ku France m'nyengo yozizira. Mulibe wothamanga. Muli matope, chisanu, ndi anthu amene akungofuna pouma. Ichi ndicho chayandikira moyo weniweni wa m'ngalande, umene mbali yake yaikulu inali kudikira ndi kugwira ntchito. Gulu la asilikali linkakhala m'ngalande yakutsogolo masiku ochepa, kenako n'kusinthana ndi lina, n'kubwerera ku ngalande zakumbuyo kapena kumalo opumulira. M'bandakucha ndi madzulo onse ankaima pokonzekera, mfuti zili m'manja, popeza imeneyo ndiyo nthawi imene mdani ankakonda kuukira. Masana ankagona pang'ono, kutsuka mfuti ndi kupha nsabwe m'misoko ya malaya. Usiku ndi pamene ankakonza zipupa zogumuka, kumanga waya ndi kukatenga chakudya ndi madzi. Kuima nthawi yaitali m'madzi ozizira kunkatupitsa mapazi mpaka ena kudulidwa, n'chifukwa chake asilikali a Britain analamulidwa kusintha masokosi ndi kupaka mapazi mafuta a namgumi. Chifanizo chimene chili ndi munthu akuyanika masokosi chimanena zoona zambiri za 1916 kusiyana ndi chimene chili ndi anthu khumi akuwombera.

Ntchito yachitatu ndi mndandanda wa tizifanizo ting'onoting'ono totsatira katundu wa asilikali ku Palestine, kuyambira pamene watsitsidwa m'sitima mpaka kufika kumene kuli nkhondo. Palinso mndandanda wina wotsatira ovulala pa ulendo wobwerera m'mbuyo. Tizifanizoti si tochititsa chidwi ngati cha Lone Pine, koma timayankha funso limene zifanizo zambiri za m'sukulu sizifunsa n'komwe: munthu wa m'ngalandeyo chakudya chake chinkamupeza bwanji, ndipo ankachisenza ndani? Kwa mphunzitsi wa ku Mozambique, funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse, monga zionekere kutsogoloku.

Zimene mulingo umaphunzitsa, ndi zimene umabisa

Ubwino wosatsutsika wa chifanizo uli pa masamu. Mulingo wochepetsera, umene pa Chipwitikizi amati escala, umakakamiza mwana kugawa. Opanga zifanizo za nkhondo amakonda mulingo wa 1:35, kutanthauza kuti sentimita imodzi ya patebulo ikuimira masentimita 35 a zenizeni. Munthu wotalika masentimita 175 amakhala wa masentimita 5. Ngalande yakuya masentimita 210 imakhala ya masentimita 6. Mwana akaumba msilikali amene mutu wake ukutulukira pamwamba pa ngalande, anzake amaona okha kuti walakwitsa, ndipo amatha kufotokoza kuti munthu wotero sakanatha tsiku ali moyo. Pamenepo m'pamene amamvetsa chifukwa chake m'ngalande munali sitepe yokwerapo pofuna kuwombera, ndi chifukwa chake kutsogolo ankaunjikako matumba a mchenga. Kukhotakhota kwa ngalande kumamvekanso bwino mwana akakuumba yekha: bomba likagwera m'chigawo chimodzi, khona linkatchinga zidutswa zake, ndipo mdani akalowa sankatha kuwombera ngalande yonse molunjika.

Koma mulingo womwewo umaulula chinyengo chimene pafupifupi chifanizo chilichonse chimachita. Malo a pakati pa ngalande za magulu awiri, otchedwa terra de ninguém, ankasiyanasiyana kukula, ndipo m'malo ambiri ankapitirira mamita 100. Pa mulingo wa 1:35, mamita 100 amafuna tebulo lotalika pafupifupi mamita atatu. Tebulo la mphunzitsi la masentimita 120 limangokwana mamita 42. Choncho woumba amafinya mtundawo, n'kuika ngalande ziwirizo moyandikana, adani akuyang'anana maso ndi maso. Zenizeni zake, msilikali ankatha milungu osaona nkhope ya mdani, ndipo ambiri anaphedwa ndi mabomba a mizinga imene inali makilomita angapo kumbuyo. Mzinga umenewo sukwana pa tebulo, ndiye chifanizo chimasiya kunja chinthu chimene chinapha anthu ochuluka. Mphunzitsi wosamala amawauza ana kuti ayeze okha pamene mzingawo ukanaima. Ngati unali makilomita atatu kumbuyo, pa mulingo umenewu ukhala pa mtunda wa mamita oposa 85 kuchokera patebulo, mwina kuseri kwa bwalo la mpira. Ngalande zonse za ku Western Front, za makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku nyanja ya North Sea mpaka kumalire a Switzerland, zingatalike makilomita 20. Mwana amene wayenda ndi mapazi ake kukaika mwala woimira mzingawo waphunzira chinthu chimene chifanizocho pachokha sichikanamuuza.

Ngalandezo sizinalinso zofanana paliponse. Asilikali a Portugal oposa 50,000 amene anatumizidwa ku France kuyambira mu 1917 anapatsidwa chigawo cha m'chigwa cha mtsinje wa Lys, pafupi ndi Neuve-Chapelle ndi Laventie. Kumeneko madzi ali pafupi kwambiri ndi nthaka, moti wokumba pang'ono chabe ankapeza chithaphwi. Zambiri zimene ankazitcha ngalande m'deralo zinali zipupa za dothi ndi matumba zomangidwa pamwamba pa nthaka. Pa 9 Epulo 1918 Ajeremani anaswa chigawocho, ndipo Apwitikizi oposa 6,000 anagwidwa. Kalasi imene yakumba dzenje lakuya n'kulembapo kuti La Lys yaumba malo ena.

Maso a ndani?

Chofooka chachiwiri chili pa malo amene woonera amaima. Chifanizo cha patebulo chimaonedwa kuchokera pamwamba, ngati mmene kabawi amaonera mudzi. Mwana amaona ngalande zonse ziwiri, waya ndi njira zonse nthawi imodzi. Palibe msilikali wa m'ngalande amene anaonapo zimenezi. Iye ankaona chipupa cha matope kutsogolo, china kumbuyo, ndi kachigawo ka thambo pamwamba. Pofuna kuyang'ana kutsidya ankagwiritsa ntchito kachipangizo ka magalasi awiri kotchedwa periscópio, popeza wotulutsa mutu masana ankawomberedwa. Amene ankaona nkhondo kuchokera pamwamba anali oyendetsa ndege ndi akuluakulu oyang'ana mapu kumbuyo. Choncho chifanizo cha patebulo chimamuika mwana pamalo a mkulu wa asilikali popanda kumuuza, ndipo tianthu timasanduka ngati njere za bawo zoti n'kusuntha.

Amisiri a ku Canberra anachepetsa vutoli poika zifanizo zawo zikuluzikulu moti munthu amaziyang'ana kuchokera kutsogolo, chithunzi cha mtunda chili kumbuyo. M'kalasi n'zothekanso. Chifanizo chikhoza kuumbidwa chodulidwa mbali imodzi, kuti ngalande ioneke mkati mwake, n'kuikidwa pa msinkhu wa maso a mwana. Kapena ana akhoza kupanga periscópio yawo ndi katoni ndi zidutswa ziwiri za galasi, n'kugwada kuseri kwa desiki kuti aone kuchepa kwa zimene munthu ankaona.

Palinso nkhani ya ukhondo. Dongo likauma limakhala losalala, ndipo mwana amene akufuna malikisi amaliseta bwino ngati khonde la kwawo. Fungo la zimbudzi ndi mitembo, phokoso la mabomba, makoswe ndi kusowa tulo siziumbika. Ena amafuna kubwezera zimenezi pothira penti wofiira paliponse, koma magazi a penti amangosandutsa imfa kukhala chokongoletsa. Zosaumbikazo ziyenera kulowa kudzera m'mawu, ndipo pamenepa m'pamene chinenero chimene mwana amadziwa bwino chimakhala ndi ntchito.

Nkhondo yomweyo inafika kuno

Chofooka chachikulu ndi chakuti ngalande ya ku France yakhala ngati nkhope ya nkhondo yonseyo, moti mwana wa ku Niassa kapena ku Tete amatsiriza ntchitoyo akuganiza kuti inali nkhondo ya azungu kwawo. Mbiri sikutero. Germany inalengeza nkhondo ndi Portugal pa 9 Malichi 1916, ndipo mwezi wotsatira asilikali a Chipwitikizi analanda Quionga, pafupi ndi pamene Rovuma amathira m'nyanja. Pa 25 Novembala 1917 gulu la Paul von Lettow-Vorbeck linawoloka Rovuma n'kugonjetsa msasa wa Apwitikizi ku Negomano, pamene Lugenda amakumana ndi Rovuma, ndipo mkulu wa msasawo, Major João Teixeira Pinto, anaphedwa. Kwa miyezi khumi gululo linayendayenda m'dziko lino, likuthamangitsidwa ndi magulu a Angerezi ochokera ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, ndi ku Porto Amélia, kumene lero ndi Pemba. Linamenya nkhondo ku Nhamacurra kumayambiriro kwa Julayi 1918 ndi ku Lioma kumapeto kwa Ogasiti, n'kuwolokanso Rovuma kumapeto kwa Sepitembala.

Nkhondo imeneyi inali ya kuyenda. Maenje obisalamo ankakumbidwa mozungulira misasa, koma panalibe mzere wa ngalande wokhala zaka ngati wa ku France. Misewu inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, choncho chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamitu ya anthu. Mbali ya Angerezi yokha inasonkhanitsa amtengatenga pafupifupi 1,000,000 m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa, ndipo kaundula wawo amavomereza kuti pafupifupi 95,000 anafa, ambiri ndi matenda ndi njala. Ku Nyasaland kunachokera anthu pafupifupi 200,000. Melvin Page, amene anacheza ndi okalamba ambiri a ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, anatcha buku lake la mu 2000 The Chiwaya War, potengera dzina limene anthuwo ankaitchula nalo nkhondoyo. Kumbali ya Mozambique kugwira anthu mokakamiza, pamodzi ndi chibalo cha msewu wodutsa ku Báruè, kunabutsa kuukira kwa mu Malichi 1917, kumene kunagwirizanitsa anthu a mitundu ingapo ya m'chigwa cha Zambeze pansi pa dzina la Makombe. Pothetsa kuukirako boma la atsamunda linalemba ankhondo a Chingoni, ambiri ochokera kudera la Angónia. Zimenezi zikutanthauza kuti m'kalasi imodzi ya ku Tete mungakhale adzukulu a osenza katundu, a oukira ndi a amene anatumidwa kukawagonjetsa.

Apa m'pamene tizifanizo ta ku Palestine tija tili ndi phunziro. Kalasi imene yaumba ngalande ya ku Somme ikhoza kuumbanso, pa mulingo womwewo, mzere wa amtengatenga. Anthu 100 oyenda motalikirana mamita awiri amapanga mzere wa mamita 200, umene pa 1:35 ndi pafupifupi mamita 6, kutalika kwa chipupa cha kalasi. Masamu ake ndi opweteka mtima koma osavuta. Munthu wosenza ufa wa makilogalamu 25, amene yekha akudya kilogalamu imodzi patsiku, akayenda masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera amakhala atadya katundu wake pafupifupi yense. Mwana akawerengera yekha zimenezi amamvetsa chifukwa chake ankhondo ankafuna anthu ochuluka chotero, chifukwa chake osenzawo ankapatsidwa chakudya chochepa, ndi chifukwa chake nkhokwe za m'midzi ya m'njira zinkalandidwa. Zifanizo ziwirizo zikaima moyandikana, ana amaona nkhondo imodzi yokhala ndi nkhope ziwiri. Gawo la currículo local, limene lili ndi 20 peresenti ya nthawi yophunzira, ndi malo oyenera ntchito yachiwiriyi.

Timapepala ta mayina

Chifanizo sichilankhula, ndipo m'sukulu ya zinenero ziwiri imeneyi ndi ngozi komanso mwayi. Ngozi yake ndi yakuti ntchito yamanja imabisa mwana amene sanamve. Akhoza kuumba ngalande yokongola, n'kukopera pabolodi mawu akuti trincheira, parapeito ndi arame farpado, n'kupeza malikisi ambiri asanalankhule chiganizo n'chimodzi chomwe. Chimodzi mwa zimene zinaoneka pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO, imene inachitika m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, chinali chakuti ana ankalankhula ndi kutengako mbali kwambiri akamaphunzira m'chinenero chawo. Ntchito imene ikuwabwezera ku kukopera mwakachetechete ikutaya phindu limenelo, makamaka kuyambira kalasi yachinayi, pamene Chipwitikizi chimayamba kutenga malo aakulu monga ndondomeko ya mu 2003 inakonzera.

Mwayi wake uli pa timapepala ta mayina timene amabaya pa chifanizo. Trincheira m'Chinyanja ndi chiyani? Wina ati ngalande, koma ngalande imadziwika ndi madzi, ndipo mnzake angatsutse kuti anthu sagona m'ngalande. Wina ati dzenje, koma dzenje silitalika makilomita. Wina atchule linga, limene ndi la nkhondodi koma limamangidwa pamwamba pa nthaka, ngati aringa za m'chigwa cha Zambeze. Mkangano umenewu si wotaya nthawi. Kuti ana asankhe liwu ayenera kunena kaye kuti chinthucho chinali chotani ndipo chinkagwira ntchito yanji. Akafika pa zipupa za ku La Lys apezanso kuti pamenepo liwu lakuti linga likuyenera kuposa ngalande. Mphunzitsi amene wabwera ndi mndandanda wa mawu omasuliridwa kale wawalanda ana phunziro limeneli.

Mawu ena amasiyana kulemera. Carregador ndi dzina la ntchito, lofanana ndi la munthu wotsitsa matumba pamsika. Mtengatenga, ndi kubwereza kwake, limamveketsa munthu amene akungosenza osatula. Buku likhoza kunena kuti recrutamento, pamene agogo amati anthu ankagwidwa. Mwana amene wafunsidwa kuti afotokoze chifukwa chake mawu awiriwa sakufanana wayamba kale ntchito ya wolemba mbiri, yofunsa kuti akulankhulayo ndani. N'chifukwa chake timapepalato tiyenera kulembedwa poyamba m'Chinyanja, ana atakambirana, kenako m'Chipwitikizi, ndipo zilembo za zinenero ziwirizo zikhale zofanana kukula. Kapepala kamene Chipwitikizi chili pamwamba ndi zilembo zazikulu, Chinyanja chili pansi ngati chongowonjezera, kamaphunzitsa ana chinthu china chimene sichili m'ndondomeko ya phunziro.

Kusamala ndi kuyesa

Nkhondo m'dziko lino si nkhani ya m'mabuku yokha. Makolo ndi agogo a ana ambiri a ku Tete ndi ku Niassa anaona nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo ambiri anathawira ku Malawi, dziko limene linasunga othawa kwawo pafupifupi 1,000,000. Kuyambira mu 2017 mabanja a ku Cabo Delgado akhala akusamuka, ndipo ena mwa ana awo akuphunzira m'zigawo zoyandikana. Mphunzitsi asanayambe ntchitoyi ayenera kudziwa amene ali m'kalasi mwake, ndi kuuza makolo cholinga chake. Mwana amene sakufuna kuumba mfuti apatsidwe mbali ina popanda kufunsidwa chifukwa pamaso pa anzake. Mbali zotero ndi zambiri: pophikira, malo othandizira ovulala, matabwa opondapo, nkhokwe ya m'mudzi, mayi amene watsala ndi munda mwamuna atagwidwa. Zimenezi zimathandizanso kuti ntchitoyo isagwidwe ndi anyamata okha, atsikana atangotumidwa kukatunga madzi okandira dongo.

Pa zipangizo, zogula sizipambana zopezeka. Tianthu ta pulasitiki ta m'sitolo timabwera titaima kale mowombera, ndipo timakakamiza kalasi kuumba Lone Pine ngakhale itafuna Somme Winter. Dongo, mapesi, nsungwi, ulusi wa thumba ndi phala la chinangwa lomatira zimalola mwana kuumba munthu wokhala pansi, wodwala kapena wosenza mtolo.

Poika malikisi, kukongola kukhale ndi gawo lochepa. Mwana aime pambali pa chifanizocho n'kuyankha mafunso ochepa, poyamba m'Chinyanja kenako m'Chipwitikizi monga angathere. Mulingo wake ndi wotani, ndipo ndi pati pamene gulu linafinya mtunda? Munthu uyu akuchita chiyani, ndipo ndi nthawi yanji ya tsiku? Kuchokera pamene waima, akuona chiyani? Chakudya chake chasenzedwa ndi ndani, kuchokera kuti? Ndani analipo pa nkhondoyi amene saoneka patebulopa? Gulu limene chifanizo chake ndi chokhota ndi chong'aluka koma layankha mafunso amenewa liyenera malikisi ambiri kuposa limene laseta dongo bwino koma langotchula mayina a patimapepala. Mayankho a funso lomaliza alembedwe pa pepala lalikulu m'zinenero zonse ziwiri, n'kupachikidwa pamwamba pa chifanizocho tsiku limene makolo abwera kudzachiona, kuti nawonso awonjezerepo amene iwo akuwakumbukira.